Nkhondo ya makatani: kuonera The Cobweb tili ku Shimabala

Filimu ya The Cobweb, imene kampani ya MGM inatulutsa mu 1955, imatenga maola awiri ndi kanthu, ndipo mlandu wake wonse wagona pa makatani. Musaseke msanga. Madokotala a matenda a maganizo, akazi awo, mayi wosunga ndalama za chipatala ndiponso odwala eni ake, onse akulimbirana kuti pa mawindo a laibulale papachikidwe nsalu yanji. Ukwati ukugwedezeka, dokotala wamkulu akutula pansi udindo, mnyamata akuthawira kumtsinje, apolisi akusakasaka mtembo m'madzi usiku mvula ili pamsana, ndipo gwero la zonsezi ndi nsalu yotchinga dzuwa. Itangotuluka, ena mwa olemba za mafilimu m'manyuzipepala anaiseka pa chifukwa chomwechi, ndipo MGM sinabweze ndalama zimene inalowetsamo. Koma pa mafilimu akale a ku Hollywood onena za zipatala za odwala maganizo, iyi ndiyo imandikhazika pansi, chifukwa kamera yake imayang'anitsitsa ochiritsa kuposa ochiritsidwa.

Anaitsogolera ndi Vincente Minnelli, munthu amene anatchuka ndi mafilimu oimba ndi ovina monga Meet Me in St. Louis ya 1944 ndi An American in Paris ya 1951. Nkhaniyo anaitenga m'buku la William Gibson limene linatuluka mu 1954. Mkazi wa Gibson, Margaret Brenman, anali katswiri wa za maganizo ndipo anagwirapo ntchito pa chipatala chotchuka cha Menninger ku Topeka, m'chigawo cha Kansas. Ndiye kuti wolembayo ankadziwa zimene ogwira ntchito m'zipatala zotere amakamba madzulo akavula makoti oyera. Minnelli nayenso sanali mlendo ku nkhanizi. Judy Garland, amene anali mkazi wake mpaka 1951, anagonekedwapo m'zipatala za mtundu womwewu ukwati wawo ukadalipo. Oscar Levant, woimba piyano amene akusewera ngati wodwala wotchedwa Capp, anali munthu amene matenda a maganizo anamusautsa zaka zambiri, ndipo sankabisa. Mukamuona akulavula nthabwala zowawa m'filimuyi, dziwani kuti mbali ina sakusewera.

Chipatalacho ndi cha anthu olipira, chili kumidzi ya pakati pa America, ndipo chili ndi kapinga wometedwa bwino ndi mipando ya wofuwofu. Pa pepala mkulu wake ndi Dr Devanal, amene akuseweredwa ndi Charles Boyer, nkhalamba yachikoka imene mowa ndi akazi zaidya mphamvu. Koma amene akuyendetsa zinthu ndi Dr Stewart McIver, woseweredwa ndi Richard Widmark. McIver wabwera ndi nzeru yatsopano: odwala akhale ndi komiti yawo, azikhala pa msonkhano, azigamula okha zina zokhudza moyo wawo m'malo mongopatsidwa malamulo ngati ana a sukulu ya mkaka.

Tsono makatani a mu laibulale atha ntchito. Victoria Inch, mayi wachikulire amene wasunga mabuku a ndalama za chipatala kwa zaka zambiri, akufuna nsalu yotchipa. Karen, mkazi wa McIver, amene watopa ndi kudikira mwamuna wobwera kunyumba usiku ali wotheratu, akuganiza kuti akasankha yekha nsalu yodula, mwina mwamunayo adzaona kuti nayenso alipo. Akupita mwamseri kwa mayi wapampando wa bodi ya chipatala ndipo akumuvomereza. Nthawi yomweyo McIver ndi Meg Rinehart, woyang'anira ntchito zamanja za odwala, amene akuseweredwa ndi Lauren Bacall, alonjeza odwala kuti makataniwo adzapanga okha, podinda pa nsalu zojambula za Stevie, mnyamata waluso amene aliyense akuopa kuti tsiku lina angadzichotsere moyo. Mawindo ndi omwewo, koma mapulani alipo atatu, ndipo palibe amene wauza mnzake zonse.

Amene anaseka filimuyi ankati nsalu ndi kanthu kochepa kwambiri koti n'kumangapo tsoka la anthu. Ndimakayikira ngati anthu amenewo anakhalapo m'komiti ya kitchen party kapena ya kwaya ya kutchalitchi. Ife a m'komboni tikudziwa bwino kuti chitenje chimatha kugawa mpingo pakati. Funso la mtundu wa chitenje cha pa ukwati lasiyanitsapo apongozi amene anagwirizana bwinobwino pa nkhani ya malowolo. Ife aphunzitsi tikudziwanso misonkhano imene imatha maola atatu pa nkhani ya penti wa khoma la kalasi, pamene nkhani ya mabuku imatha m'mphindi zisanu. Pa misonkhano yotere aliyense amadziwa mumtima kuti pentiyo ndi chophimba chabe. Chimene chikukambidwa ndi chakuti ndani ali ndi mawu pano, ndani anafunsidwa, ndani anangomva zitachitika kale. Miss Inch akutchinjiriza zaka zake zonse za ntchito, Karen akupempha kuti amuone, Devanal akufuna kutsimikiza kuti akadali bwana. Kwa Stevie yekha ndiye nkhani ndi ya moyo ndi imfa, chifukwa kwa nthawi yoyamba munthu wamkulu wamuuza kuti chimene manja ake apanga chidzapachikidwa poyera, ndipo iye wakhulupirira.

Dzina la filimuyi limatanthauza ukonde wa kangaude, ndipo ulusi wa ukondewo ndi mawaya a foni. Mukamaonera, werengani kuti ndi kangati pamene munthu akunyamula foni. Karen akuimbira Miss Inch, akukangana, wina akudula. Wina akuimbira wapampando, wina akuimba kuti afufuze kumene mwamuna wake ali. Uthenga uliwonse ukufika wopotoka pang'ono kapena mochedwa. Amene muli m'magulu a WhatsApp a banja kapena a kuntchito simufunika kumasuliridwa. Minnelli anaona mu 1955 chimene ife timachiona tsiku ndi tsiku, kuti anthu amene akuopa kukhala pansi maso ndi maso amayankhulana kwambiri ndi zida, ndipo nkhani imakula ili m'njira.

Pa osewera onse, amene amandigwira mtima ndi Lillian Gish, Miss Inch uja. Mayiyu anayamba mafilimu mu 1912, nthawi imene filimu inalibe mawu, choncho thupi lake lonse limayankhula. Akakwiya, kachipewa kake kamanjenjemera, mapewa amauma, chikwama amachigwira ngati chishango. Munthu wotere tonse tinakumanapo naye, kaya ku ofesi ya boma, kaya kwa bursar wa sukulu: wouma mtima, wosunga malisiti a zaka khumi, wosaba ngakhale ngwee imodzi. N'zosavuta kumuda. Koma Gish amakuonetsani kuti ukali wakewo ndi mantha a munthu amene anapereka moyo wonse ku nyumba imene tsopano ikusintha osamufunsa. Pali malo amene McIver akumukalipira kwenikweni, ndipo mmalo mosweka, mayiyo akuoneka ngati wapeza mpumulo, ngati kuti wakhala akudikira munthu wolimba womuuza malire ake.

Gloria Grahame, amene akusewera Karen, ambiri amamunena kuti anapyola muyezo, akufuula ndi kulira ndi kupotoza milomo. Ine ndili kumbali yake. Melodrama ndi mtundu wa filimu umene maganizo a m'kati amatulutsidwa panja, amavekedwa zovala zowala ndi kuimbiridwa nyimbo, ndipo amene mumaonera Mpali kapena Zuba mukuudziwa kale ngakhale dzina lake simulitchula. Karen ndi mkazi wa munthu amene tsiku lonse amamvetsera mavuto a anthu ena, ndipo akafika kunyumba makutu ake amakhala atatseka. Pali mawu amodzi amene amandibaya: Karen akuuza mwamuna wake kuti kamtsikana kawo katafunsidwa chimene kakufuna kudzakhala kakakula, kanayankha kuti wodwala. Kamwanako kaona kuti njira yokha yopezera nthawi ya atate ake ndi kudwala. Ana a manesi, a abusa ndi a ife aphunzitsi angakuuzeni zambiri pamenepa.

Ndipo Grahame ndiye ali ndi chithunzi chachikulu cha filimu yonse. Atazindikira kuti mwamuna wake ali kwa Meg usiku, Karen akutenga makatani ake odula, akulowa mu laibulale muli zii, akukwera makwerero, n'kuwapachika yekha. Palibe amene akumuona. Akukoka nsalu zolemera ngati akulimbana ndi munthu, tsitsi lili balala, nyimbo ikuthamanga. Sanamenye munthu, sanatukwane, wangokongoletsa chipinda, koma mukudziwa kuti m'mawa mnyamata wina akalowa m'chipindamo adzaona kuti lonjezo lija linali bodza. McIver akuwagwetsa makataniwo mwaukali, koma Stevie waona kale, ndipo wathawa.

Nyimbo ndatchulayo ndi ya Leonard Rosenman, yemweyo amene chaka chomwecho anapeka nyimbo za East of Eden ndi Rebel Without a Cause, mafilimu a James Dean. Mu The Cobweb anagwiritsa ntchito njira ya kapekedwe imene anayambitsa Arnold Schoenberg, imene nyimbo ilibe liwu limodzi lobwererako ngati kwawo. Khutu limadikira kuti nyimbo ikhazikike, koma siikhazikika. Chinali chachilendo ku Hollywood nthawi imeneyo, ndipo chikugwirizana ndi nyumba imene aliyense wakhala m'mphepete mwa mpando.

Chenjezo limodzi kwa inu oonera pa foni. Filimuyi anaijambula mu CinemaScope, chithunzi chotambalala kwambiri, ndipo Minnelli, amene anayamba ntchito yake pokongoletsa mawindo a masitolo ndi mabwalo a zisudzo, amaika anthu awiri kumapeto awiri a chithunzi, pakati pawo pali sofa, nyale, tebulo ndi maluwa. Mtunda umenewo ndiwo nkhani. Pa kagalasi ka foni anthuwo amasanduka nyerere, ndipo mukaonera kope lodulidwa m'mbali kuti lidzaze sikirini, mmodzi wa iwo amasoweratu. Ngati bandulo ndi magetsi zalola, isakeni yathunthu ndipo muonere pa TV kapena pa laputopu ya mnzanu.

Tsono ndinene chimene chimandivuta. Chipatala cha m'filimuyi ndi cha anthu a ndalama, ndipo madokotala ndi odwala onse amene nkhani ikuwatsata ndi azungu. Mu 1955 momwemo, zipatala za boma za odwala maganizo ku America zinali ndi anthu opitirira theka la miliyoni, ochuluka kuposa nthawi ina iliyonse m'mbiri ya dzikolo, ambiri atapanikizana m'mawodi onunkha. Filimu ya The Snake Pit ya 1948, ya Olivia de Havilland, inayesako kuonetsa zimenezo. Mankhwala a chlorpromazine, amene kuno ambiri amawadziwa ndi dzina la Largactil, anali atangololedwa ku America mu 1954 ndipo anali pafupi kusintha zonse. The Cobweb ilibe nazo ntchito zimenezi. Odwala ake ndi aukhondo, oyankhula mwanzeru, odziwa mayina a ojambula a ku France. Munthu wa ku Zambia Compound kapena ku Shikoswe amene mbale wake anamangidwapo zingwe kuti akwezedwe galimoto yopita ku Lusaka akhoza kufunsa kuti, anthu awa akudwala chiyani? Funsolo ndi lachilungamo, ngakhale kuti matenda a maganizo sasankha thumba.

Kwathu kuno 1955 inali nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chipatala cha Chainama Hills chinali chisanatsegulidwe, chinatsegulidwa mu 1962. Chisanabwere, odwala ena ankasungidwa m'zipinda zapadera pambali pa zipatala wamba kapena m'ndende, ena ankatumizidwa kutali ku Ingutsheni ku Bulawayo. Lamulo lowayang'anira linali Mental Disorders Act la 1949, limene linkagawa anthu m'magulu ndi mawu monga idiot ndi imbecile. Lamulo limenelo linakhala nafe mpaka dzulodzuloli. Mu 2017 anthu atatu, a Gordon Mwewa, a Mulima Kasote ndi a Sylvester Katontoka a bungwe la Mental Health Users Network of Zambia, analitengera ku High Court, ndipo khotilo linagamula kuti gawo lokhala ndi mawu onyozawo likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, ngakhale silinafafanize lamulo lonse. Mu 2019 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Mental Health Act yatsopano. Omenyera ufulu akudandaulabe ndi gawo lachinayi la lamulo latsopanoli, limene akuti likulolabe kuti munthu alandidwe mphamvu yodzigamulira zinthu zake. Onani tsono kuti mkangano wa m'khoti la ku Lusaka ndi womwe uja wa mu laibulale ya McIver: kodi wodwala ali ndi mawu pa zinthu zokhudza moyo wake, kapena ena ndiwo amusankhire nsalu?

Apa ndi pamene filimu ya azungu olemerayi imandifika pakhomo. Mu minibasi iliyonse yochoka ku Kafue kudutsa pa tollgate ya Shimabala kupita m'tauni, mukhoza kumva kondakitala akuuza munthu kuti, "Iwe ndiwe wa ku Chainama." Ana m'kalasi amatukwanana ndi dzina lomwelo, ndipo kalasi yonse imaseka. Dzina la chipatala, malo amene anthu amapitako kukachira, tinalisandutsa chitonzo. Mafilimu amene timaonera kwambiri sathandiza. M'mafilimu ambiri a Nollywood, munthu wofuntha ndi chilango choyenda ndi miyendo: anaba, anapha, anakhwimira chuma, ndiye tsopano akutola zinyalala pamsika atavala nsanza. Misala imabwera pa mphindi yomaliza kudzatseka mlandu. Wodwalayo safunsidwa kanthu, alibe komiti, alibe luso, alibe nthabwala. Makolo athu anali ndi mwambi wakuti wamisala anaona nkhondo, kutichenjeza kuti timvere ngakhale amene timamuyesa wopanda nzeru. Koma ngakhale mwambiwo umamumvera pokhapokha ngati wabweretsa uthenga wotipulumutsa ife. The Cobweb ikupita patsogolo pang'ono. Ikuti mumvereni ngakhale pamene akungonena mtundu wa nsalu imene akuikonda.

Filimuyi ikuyamba ndi Stevie akuthamanga m'minda, ndipo Karen akumunyamula pa galimoto osadziwana. Akucheza, ndipo pofika pa chipatala nkhani yafika pakuti pamalopo n'kovuta kusiyanitsa dokotala ndi wodwala. Stevie akuti kusiyana kulipo, chifukwa odwala amachira. Nthabwala imeneyi ndiyo msana wa filimu yonse, ndipo ingathe kumveka ngati yotchipa, ngati kunena kuti tonse ndife ofuntha basi tiyeni tiseke. Sindiganiza kuti Minnelli akunena zimenezo. Stevie akudwaladi, ndipo mantha a Sue, mtsikana amene sangathe kutuluka kunja kwa mpanda wa chipatala, si ofanana ndi kusungulumwa kwa Karen. Chimene filimuyi ikunena n'chakuti odwala avomera kuti ali ndi vuto ndipo akuligwirira ntchito, pamene a makoti oyera akubisa lawo kuseri kwa maudindo, ndipo zinyalala za kubisako zikugwera odwala.

Chigawo chimene ndimachikonda koposa chilibe makatani n'komwe. Stevie akutenga Sue, woseweredwa ndi Susan Strasberg, kupita naye ku sinema m'tauni. Kwa ife ndi ulendo wamba. Kwa Sue ndi ngati kuwoloka Kafue pa bwato lobooka. Filimu yawo itatha, anthu akutuluka mothithikana, ndipo mnyamata amene aliyense akumuopera akumutsogolera mtsikanayo pang'onopang'ono pakati pa khamulo mpaka panja. Palibe dokotala pafupi. Wodwala wathandiza wodwala mnzake, ndipo kamera sikuchita phokoso nazo.

Nzeru ya McIver sinali yopeka. M'zaka zomwezo Maxwell Jones ku England ankalemba za chipatala chimene odwala ndi ogwira ntchito amayendetsa limodzi. Koma zitsanzo zimene zimatikhudza ife zili mu Africa momwe muno. Mu 1953 Frantz Fanon, amene ambiri timamudziwa ngati wolemba za utsamunda, anayamba ntchito ya udokotala pa chipatala cha Blida-Joinville ku Algeria. Anayambitsa misonkhano ya odwala, kanyuzipepala, zisangalalo ndi ntchito zamanja. Mu wodi ya akazi achizungu zinayenda bwino. Mu wodi ya amuna achisilamu a ku Algeria zinakanika, mpaka iye ndi anzake anazindikira kuti akupatsa anthu moyo wa eni ake. Atatsegula malo omwera khofi monga amachitira amuna kwawoko, n'kuyamba kusunga masiku a zikondwerero zachisilamu ndi kuitana wokamba nthano, odwala anayamba kubwera. Mu 1954 ku Aro, pafupi ndi Abeokuta ku Nigeria, Dr Thomas Adeoye Lambo anayamba kugoneka odwala m'nyumba za m'midzi yozungulira chipatala, aliyense ali ndi wachibale womuperekeza, ndipo ankagwira ntchito limodzi ndi asing'anga. Posachedwapa ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu amene akuvutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira. Ndikaika McIver pambali pa anthu amenewa, ndimaona chimene chikusowa m'chipatala chake: achibale. Odwala ake ali okhaokha, ngati anagwa kuchokera kumwamba. Mmalo mwa banja, filimuyi ikupatsa Stevie atate ndi amayi obwereka, McIver ndi Meg, ndipo awiriwo atayamba kukondana, chithandizo cha mnyamatayo chikusakanikirana ndi chibwenzi chawo. Kwathu wodwala amabwera ndi azakhali, amalume, abusa ndi maganizo khumi osiyana a chimene chamulodza. Zimenezo zili ndi mavuto ake, koma filimu ya kwathu yonena za nkhaniyi singayambe popanda iwo.

Ndipo filimu yoteroyo ikanatha kujambulidwa kuno. Kafue ndi tauni ya nsalu. Makolo a ambiri a inu anagwira ntchito ku Kafue Textiles, kumene ankaluka ndi kudinda zitenje, fakitaleyo isanagwe n'kusiya mabanja akudikira malipiro awo. Lero makatani a m'nyumba zathu ambiri ndi a salaula kapena ochokera ku masitolo a ku Kamwala, ojambulidwa ndi munthu wa kutsidya kwa nyanja amene sanaonepo Shimabala. Pamene Meg ndi odwala akuyala nsalu pa tebulo n'kuyamba kudindapo zojambula za Stevie, zimene kwenikweni anajambula ndi David Stone Martin, wojambula zikuto za marekodi a jazi, ine ndimaona ntchito imene tauni yathu inkaidziwa ndi manja. Mtsinje nawonso tili nawo, ndipo mabanja ena a kuno akudziwa tanthauzo la kuima m'mbali mwa madzi usiku ndi matochi. Rungano Nyoni anaonetsa mu I Am Not a Witch ya 2017 kuti nkhani ya munthu amene mudzi wamupatsa dzina n'kumumangirira ingakambidwe ndi maso a kwathu, dziko lonse n'kumvetsera. Ya wodi ya odwala maganizo ikudikirabe woijambula.

Monga mphunzitsi, chimene chimandiopsa m'filimuyi ndi kuchepa kwa chinthu chimene chikugwetsa Stevie. Palibe amene akumuda. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka chochitira zimene akuchita, ndipo palibe amene akuganiza za iye pa mphindi imene akuchita. M'kalasi ya ana ochuluka, mwana amene wasiya kuyankhula, amene akugona pa desiki, amene wayamba kujomba, timamupatsa dzina msanga: ulesi, chamba, chibwenzi, ziwanda. Nthawi zina chimene chamugwira kuti asagwe ndi kanthu kamodzi, malo m'timu ya mpira, ndakatulo imene analonjezedwa kuti adzaiwerenga pa asembule. Akuluakulu tikasintha pulogalamu pa zifukwa zathu, sitidziwa kuti tadula chingwe chanji. Amene mukuwerenga muli pa malo a Stevie, kapena mnzanu ali pamenepo, uzani munthu. Kiliniki ya kwanu ndi poyambira, ndipo nambala za 116 ndi 933 ndi zaulere.

Mathero a filimuyi ndiwo ofooka kwambiri. Malamulo a Hollywood a nthawi imeneyo, otchedwa Production Code, sankalola kuti chigololo chipindule, choncho McIver ayenera kusiya Meg n'kubwerera kwa mkazi wake, kaya mtima ukufuna kaya sukufuna. Devanal akutula pansi udindo, Miss Inch akukhala kumbali ya McIver, bodi ikukhutira. Stevie sanamire. Akutulukira kunyumba kwa McIver ali chinyowere, ndipo Karen, yemwe uja anamupweteka, akumugoneka pa sofa n'kumufunditsa makatani ake odula aja. Chithunzicho n'chokongola, ndipo n'chanzeru kuti nsalu imene inatsala pang'ono kumupha ndiyo ikumufunditsa. Kenako pa sikirini pakubwera mawu olembedwa onena kuti vuto latha, kuyankha ena a koyambirira onena kuti vuto linayamba.

Ine mawu amenewo sindiwakhulupirira, ndipo ndikukayika ngati Minnelli ankawakhulupirira. Iye ndi John Houseman, amene ankayang'anira ndalama ndi ntchito yonse ya filimuyi, anakangana kwambiri pamene Houseman anaidula kuti ifupike, ndipo chaka chotsatira awiriwo anapanga Lust for Life, yonena za Vincent van Gogh, wojambula amene nkhani yake sinathere pa sofa. Mu The Cobweb, McIver ndi Karen agwirizana chifukwa cha mantha a usiku umodzi, koma ntchito ya McIver ndi yomweyo ndipo foni idzaliranso pa nthawi ya chakudya. Meg, amene anataya kale mwamuna ndi mwana filimu isanayambe, watsala yekha kachiwiri, ndipo nkhani yamusiya pomwepo chifukwa ntchito yake yatha. Edna, mkazi wa Devanal, amene akuseweredwa ndi Fay Wray wa mu King Kong ya 1933, akubwerera kunyumba ndi mwamuna wopanda ntchito amene botolo lake likadali m'kabati. Capp, amene tinamuona atagonekedwa m'bafa la madzi kuti mtima ukhale pansi, akuimba yekha, sanachire. Ndipo komiti ya odwala, imene inakhala pansi, kukambirana ndi kuvota mwadongosolo kuposa akuluakulu onse a pa chipatalacho, palibe amene wapita kukaipepesa.